Mawu a Estele M'mafoni a Anthu

"Zimitsani, bambo a Takondwa. Ndagwira mwendo wanu, zimitsani," anachonderera Estele.

"Ndizimitse? Siteji yonse ya Chitakale yamva, ndiye mwini mkazi ndisamve? Imvani nanunso, apongozi. Mwana wanu walowa wailesi."

Lenard anaponya foni pamphasa pamene apongozi ake, mayi Lines, ankatong'ola nandolo. Mawu otuluka m'fonimo anali a mkazi wake Estele, otsika, odukizadukiza. Ankafotokoza momwe a Namakhwa, kapitawo wa ku esiteti ya tiyi, anamuuzira kuti atsalire anzake ataweruka, momwe anamuopsezera kuti sizoni ikubwerayi dzina lake likhoza kusowa pa othyola tiyi, ndi momwe anamukankhira m'shedi ya feteleza. "Ndinawauza kuti bwana, ndili pabanja," anatero mawuwo. "Iwo anangoseka."

Mayi Lines sankadziwa pozimitsira. Anakhuthulira nandolo pamphasa n'kuvundikira foniyo ndi lichero. Mawu anapitirirabe pansi pa licherolo.

"Tolani chinthu chanuchi, bambo. Mwana ali m'nyumbamo, ndipo ali ndi makutu."

Lenard anatola n'kuzimitsa.

"Miyezi yonseyi tikufunda bulangete limodzi, ine osandiuza. Koma kompyuta ndiye kukaiuza zonse."

"Sindinauze kompyuta," anatero Estele. Anali chiimire pakhomo la khitchini, atagwira nsanamira. "Ndinauza mayi Diana a ku ofesi ya madandaulo. Anandijambula mawu chifukwa kulemba ndimachedwa. Analumbira kuti amva iwowo ndi akuluakulu a komiti basi."

"Ndiye ine si wamkulu? Ine pakhomo pano ndine ndani, tambala wobwereka?"

"Ndikanakuuzani mukanatani?"

"Ndikanatenga chikwanje!"

"N'chifukwa chake sindinakuuzeni. Bwenzi lero muli kundende, ine ndikukutengerani chinangwa m'mbale."

Lenard anakhala pansi pafupi ndi njinga yake ya kabaza, natsamira tayala.

"Ndafika pasiteji m'mawa, ndapeza anyamata aunjikana pafoni ngati pali mpira. Ndati nanenso ndione. Andipatsa malo, apongozi. Andipatsa malo bwinobwino, wina mpaka kundigwirira njinga kuti ndimve ndili womasuka."

Mayi Lines anayamba kuolera nandolo m'lichero.

"Misozi siithandiza kanthu pano. Estele, anakutuma ndani ku ofesi kumeneko?"

"Achimwene."

"Kondwelani?"

"Anati akazi ambiri akuvutika n'kumangokhala chete, ndiye wina ayambe. Anati makompyuta a ku ofesiko amakonza ndi iwo, choti chalowa m'menemo palibe angachione."

"Muimbire. Abwere ndi miyendo yake, asandiyankhe pafoni."

Kondwelani anali mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Lines. Ndiye anali mwinimbumba, ndiyenso nkhoswe ya ukwati wa Estele. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, anali ndi kashopu kokonza mafoni pa Chitakale, ndipo a ku esiteti ankamuitana makina awo akavuta. Anafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, mlandu atauweruza kale m'njira.

"Ndi mayi Diana amenewa. Kaya anabwereketsa foni, kaya anauza munthu pasiwedi yawo. Anthu a mu ofesi amalemba pasiwedi pakhoma ngati kalendala."

"Unawaona akulemba?" anafunsa mayi ake.

"Ayi, koma ndimawadziwa."

"Ndiye sunga pakamwa pako. Mawa mupite nonse awiri, mukaone ndi maso."

Ofesi ya madandaulo inali kachipinda kakang'ono kuseri kwa sikelo yoyezera tiyi. Mayi Diana anawalandira maso atatupa.

"Pasiwedi yanga ngakhale mwamuna wanga saidziwa," anatero. "M'foni ndinafufuta tsiku lomwelo, Estele akuona. Fayilo ndinaisunga nditalowa ndi dzina langa, monga munandiphunzitsira inuyo, a Kondwelani."

Ku esitetiko kunali kompyuta imodzi yaikulu, ina yonse inkatunga m'menemo. Kalaliki wa sikelo, wa sitolo, namwino, aliyense ankalowa ndi dzina lake, ndipo zonse zimene ankalemba zinkasungidwa malo amodzi. Kondwelani anakhala pampando n'kufufuza fayiloyo. Kutsogolo kwa dzina la fayilo iliyonse kumakhala timalemba tosonyeza amene ali ndi chilolezo choitsekula. Anayang'ana timalembato nthawi yaitali, dzanja lili pachibwano. Kenako anatuluka n'kulowanso ndi dzina limene alonda a pageti ankagwiritsa ntchito. Anadina kamodzi. Mawu a mlongo wake anadzaza chipinda.

Anazimitsa msanga, koma Estele anali atatuluka kale panja.

"Si dzina langa mwalowera limenelo," anatero mayi Diana. "Yatseguka bwanji?"

"Aliyense wolowa akhoza kuitsekula."

"Kuyambira liti?"

"Musanabwere inu."

Anatayipa kenakake mofulumira, nadzuka osatsanzika. Anabwerera ndi mlongo wake kudutsa m'minda ya tiyi. Chiperoni chinali chitaphimba phiri, ndipo onse awiri anafika kunyumba atanyowa.

Anawapeza mayi Lines pakhonde, Lenard akumata chubu cha njinga chapafupi.

"Nena," anatero mayiwo.

Kondwelani anakhala pansi, osati pampando umene ankakhalapo masiku onse.

"Kompyuta ija, amayi, munthu akangolowa ndi dzina lake, pali lamulo limene limayamba kumugwirira ntchito. Timalitcha umask. Ndi manambala atatu basi. Ndilo limanena kuti fayilo iliyonse imene munthuyo apange ibadwe yotseka kapena yotsekula. Poyamba ndinaika 077. Chimene munthu wasunga ankachiona yekha."

"Ndiye chinavuta n'chiyani?"

"Kalaliki wa sikelo anadwala, makilo a anthu n'kutsekeredwa m'dzina lake. Malipiro anachedwa. Amanijala anandikalipira pamaso pa anthu, amvekere kuno sitibisirana, tonse ndife a kampani imodzi. Kuchokera pamenepo, foni tsiku ndi tsiku: bwera utitsekulire ichi, bwera utitsekulire icho. Ine kutseka shopu, kupalasa chitunda chonse chija. Ndinatopa nazo, amayi. Ndinasintha n'kuika 022, kuti aliyense aziwerenga za mnzake. Mafoni anasiya."

"Nanga mayi Diana?"

"Ofesi yawo inatsegulidwa pambuyo. Ndinawapatsa dzina ndi pasiwedi, koma lamulo linali lomwe lija la anthu onse. Ndinayenera kuwaikira lawolawo. Sindinaganize. Pasiwedi imaletsa munthu kulowa m'dzina lako, koma siitseka zimene wasunga."

Mayi Lines anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Manambala akowo sindikuwadziwa, koma ndamva. Unamumangira mlongo wako bafa, chitseko cholimba, loko watsopano, koma udzu wa m'mbali osaika. Ndiye n'kumuuza kuti kasambe, palibe akuone."

"Ndakonza, amayi. Lero lomwe ndabwezeretsa 077, fayilonso ndaitseka."

"Zakutengera nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono."

"Kuposa kumanga chitenje?"

Kondwelani anaweramitsa mutu. "Ayi."

"Achimwene," anatero Estele, mawu ali pansi, "tsiku lija ndinakufunsani kawiri. Kachiwiriko munaseka. Munati achemwali, ine ndi amene ndimagwira makiyi."

"Ndinkaona ngati ndi zoona."

"Munkaona ngati. Ine ndinavula zonse chifukwa cha 'ngati' wanuyo."

Lenard anaika chubu pansi.

"Alamu, pachinkhoswe ndi inuyo amene munapereka thadzi kwa malume anga. Munati mlongo wanguyu mukamusamale, chikavuta mubwere kwa ine. Lero chavuta. Ndipite kwa ndani?"

"Ndimenyeni, alamu. Mwina mtima utsika."

"Akanakhala wina bwenzi nditamuthyola. Koma khoswe wakhala pamkhate. Ndikakumenyani, olira ndi omwewa."

Amene anatsekula fayiloyo anadziwika pasanathe sabata. Anali Hopewell, kalaliki wa sikelo, mwana wa mlongo wake wa kapitawo uja. Anaiona akulowetsa makilo, anamvetsera, n'kuikopera m'foni kuti akachenjeze malume ake. Kuchoka apo inayenda yokha. Komiti itamufunsa sanachite mantha. Anati iye sanathyole loko wa munthu, sanabe pasiwedi ya munthu, anangodina chinthu chimene chinali poyera. Anamulembera chenjezo n'kubwerera pasikelo. A Namakhwa anawasamutsira ku divishoni ina kuseri kwa phiri, akuti podikira kafukufuku. Mayi Diana anapempha tchuthi ndipo sanabwerenso.

Loweruka lina kunafika Millie, mnzake wa Estele wothyola naye mzere umodzi. Anakana mphasa, anangonjuta pamwala.

"Asisi, ndabwera kudzakuuza ndekha kuti usamve kwa anthu. Ine ku ofesi ya madandaulo kuja sindipitanso."

"Unalonjeza, Millie. Unati ndikayamba ine utsatira, ndi anzathu aja. A komiti akuti mawu a munthu mmodzi sakwanira."

"Ndinalonjeza ndisanaone. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Mwamuna wanga si Lenard, amene uja akhoza kundipha."

"Ndakonza, achemwali," anatero Kondwelani, amene masiku amenewo ankabwera tsiku lililonse ngati pali maliro. "Tsopano chilichonse chosungidwa chikubadwa chotseka. Ndikhoza kukusonyezani."

Millie anaseka kuseka kopanda mano.

"Musonyeze alongo anuwa, achimwene. Ine ndaona kale."

Ananyamuka, ndipo Estele sanamuperekeze.

Zotsatira zake aliyense wokhala pamudzi akuzidziwa. Pamjigo akazi ankasiya nkhani Estele akafika, n'kuyambiranso asanasenze n'komwe ndowa. Kukwaya anamuuza kuti ayambe wapuma. Ena ankati bwanji sanakuwe, ena ankati bwanji anabwereranso kuntchito m'mawa mwake, ngati kuti ana amadya manyazi. Za a Namakhwa anthu ankangoti amuna ndi choncho.

Lenard anayesetsa. Ankadzuka m'mawa, kupukuta njinga, kupita pasiteji. Koma anyamata anali atapeza nyimbo. Kasitomala akangoyandikira njinga yake, wina kumbuyo ankapyapyalitsa mawu ngati mkazi: "Bwana, ndili pabanja!" Siteji yonse kuseka. Tsiku lina anamenya mmodzi mpaka kumugulula dzino, tcheyamani wa siteji n'kumuimitsa. Anayamba kukhala pakhomo. Foni ija anali nayobe. Estele ankamuona ali kuseri kwa nyumba, pansi pa mapeyala, ataiika kukhutu.

"Fufutani, bambo a Takondwa," anamupempha tsiku lina. "Mukudzibaya nokha."

"Ndafufuta kale kangapo. Amanditumiziranso. Wina mpaka anaikamo ng'oma."

Lamlungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, kunafika a Morris, malume a Lenard, kuchokera ku Nkando. Takondwa anamutumiza kwa anansi. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Chikwama cha Lenard chinali chomanga kale, chili pakhonde.

A Morris anayamba ndi mwambo wonse, kufunsa za moyo, za mvula, za nandolo. Mayi Lines anawadula.

"Tadzuka bwino tonse, bambo. Nenani chimene mwadzera."

"Chabwino. Ife kwathu nkhaniyi inatipeza pamsika, mwana wathu asanatiuze. Ndiye tinakhala pansi n'kuona kuti mkazi akakhala chete miyezi yonseyo, osauza mwamuna wake, pamakhala kuti penapake panali kumvana."

"Ayi, malume," anatero Lenard. "Zimenezo musanene. Ine ndamvetsera kuposa munthu aliyense. Womvana salira choncho."

"Ndiye ngati mukudziwa kuti sanalakwe," anafunsa mayi Lines, "chikwamacho n'chachiyani?"

Kondwelani anagwada n'kuyamba kuomba m'manja.

"A Morris, alamu, mlanduwu ndi wanga. Mlongo wanga anachita zimene ndinamuuza. Wolakwa woyamba ali kuseri kwa phiri, akulandira malipiro. Wachiwiri ndine. Ngati pali chindapusa, nenani. Shopu ndigulitsa."

"Inu nkhoswe ndinu, wopalamula ndinunso," anatero a Morris. "Ndiye tikambirana ndi ndani? Madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Dzuka, ukudetsa thalauzi."

Estele, amene anali chikhalire kumapeto kwa mphasa, anasendera pafupi ndi mwamuna wake.

"Tisamuke, bambo a Takondwa. Ine munda ndisiya, amayi andikhululukira. Tipite kwanu ku Nkando, kapena tiwoloke tikakhale ku Milanje kwa azakhali anu. Kumene kulibe otidziwa."

"Mafoni ali konse."

"Adzatopa. Anthu amatopa. Kukachitika china adzaiwala."

"Anthu adzaiwala, inde." Lenard anapukuta kumaso ndi chipewa. "Mayi a Takondwa, si anthu ayi. Ndikanakhala kuti ndikuthawa anthu bwenzi nditakutengani. Mukanandiuza nokha, m'nyumba mwathu, ndikanalira nanu, ndikanakwiya, zikanatha. Koma ndinamva pasiteji, anthu akuseka. Tsopano zinakhazikika m'khutu. M'mawa mukati dzukani kwacha, ndimamva shedi ija. Mukaitana mwana, ndimamva shedi ija. Dzana munkang'ung'udza nyimbo mukuchapa, ine ndinathawira kudimba. Mawu anu ndi amene ndinayamba kuwakonda, ndisanakuoneni n'komwe nkhope, mukuimba kumbuyo kwanga m'tchalitchi. Lero ndikawamva ndimafuna kusanza. Ndiye ndikhale bwanji? Ndizikuuzani kuti musamalankhule m'nyumba mwanu?"

"Ndikhoza kukhala chete."

"Musatero."

"Ndikhoza, bambo a Takondwa. Ndinakhala chete miyezi yonse ija, simunadziwe. Ndimatha."

Lenard anagwira kumaso ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. A Morris anayang'ana kumbali. Mayi Lines anakonza mpango wawo kumutu, ngakhale unali bwinobwino.

"Bambo," anatero mayiwo, "ine ndakwiririra mwamuna, ndakwiririra ana awiri. Chimene chimapweteka lero, chaka chamawa chimakhala chipsera. Khalani. Mukagone m'kanyumba ka Kondwelani kaja mpaka mtima utsike. Palibe akuthamangitseni pano."

"Mwandisunga bwino, apongozi. Sindinagonepo ndi njala pakhomo pano. Koma ndikakhala, tsiku lina ndidzamulankhula mawu oipa, ndipo iye sanalakwe. Bola ndipite ndisanafike pamenepo."

"Nanga mwana?"

"Mwana ndi wa pano. Ndizimutumizira."

Anadzuka n'kukamangirira chikwama pakaliyala ndi malamba a chubu. Makasu, wailesi, mipando imene anagula yekha, zonse anazisiya. Kondwelani anafuna kumuthandiza kumanga, koma Lenard anachotsa dzanja lake mwaulemu. A Morris anatsanzika mwachidule n'kutsogola.

Lenard sanakwere njingayo. Anaikankha pang'onopang'ono kutsika kanjira ka pakati pa nandolo, kulowera kumtsinje. Estele anaima m'mphepete mwa bwalo. Mayi ake anaima pambali pake.

Atafika pa mlatho wa mitengo, Lenard anaima. Anawerama ngati akukonza tcheni, koma tcheni chinalibe vuto. Anaweramuka n'kutembenuka, kuyang'ana kumtunda.

"Waima," anatero mayi Lines. "Muitane."

Estele anapita patsogolo pang'ono.

"Muitane, iwe! Ukudikira chiyani? Munthu akufuna kuitanidwa ameneyo!"

Estele anakoka mpweya, natsekula pakamwa. Kenako anakweza nsonga ya chitenje n'kudzitseka nayo pakamwapo, dzanja lili pamwamba, zolimba.

Lenard anadikira. Anadikirabe. Kenako anakwera njinga n'kuwoloka.